Chala cha Mayi Kuwabara

Mayi Kuwabara aphika kwa zaka makumi atatu pa kasitolo kathu ka chakudya cha m'mabokosi, pafupi ndi siteshoni ya sitima ya Morioka, ku Japan. Ine ndinawapeza pomwepo. Bwana akalankhula kamodzi, iwo ankangowerama n'kuti, "Chabwino." Kufunsanso bwana zomwe wanena kale ankati n'chipongwe.

Koma ukalamba sugogoda. Chaka chatha a Chiharu, bwana wathu, anatiuza akuthamanga kuti kubanja lomwe kwabadwa mwana kupite mpunga wofiira wa nyemba, ndipo kumwambo wokumbukira malemu kupite woyera. Mayi anawerama. Mpunga wofiira, wachisangalalo uja, unakafika kwa anamalira.

A Chiharu anakapepesa okha, chipumi pansi. Pobwera anati, "Mayi, zikachitikanso mukapume." Tsikulo mayi anatsuka mphika umodzi katatu, ndipo ine zinandiwawa.

Amuna awo, a Isamu, amene anakalambira pa ntchito yoyendetsa sitima, sanawanyengerere. Mayi anatisimbira okha.

"Ife chizindikiro cha panjanji tinkachiloza ndi chala n'kuchitchula mokweza, ngakhale uli wekha," anatero a Isamu. "Ukuyesa tinali amisala?"

"Inu munali amisala ndithu."

"Amisala osagunditsa sitima."

M'mawa wina a Chiharu anati, "Nsomba yowotcha, mabokosi asanu, leveni koloko." Mayi anaimika chala n'kubwereza mokweza, mwamanyazi.

"Nsomba yowotcha! Asanu! Leveni koloko!"

Ndinaseka mpaka kutsamwa. "Mayi, sitima yanyamuka?"

"Iwe, dula anyezi."

Miyezi inadutsa osaphonyako n'kamodzi komwe. Ankati mawu akatuluka pakamwa pako, khutu limawasunga. Tsiku lina mayi atabwereza mokuwa kuti, "Lachinayi!" a Chiharu anaima chilili.

"Ayi, pepani, Lachitatu. Ndine ndalakwitsa."

Kuyambira pamenepo tonse timakuwa m'khitchini muja, ndi ine wonyoza ndemwe.

Kumapeto kwa Malichi, nthawi yomwe mapangano a ntchito amatha, a Chiharu anaitanira mayi pakhomo la khitchini. Tonse tinasiya mipeni. Mayi anapukuta manja nthawi yaitali asanapite.

"Mayi, mu Epulo kukubwera antchito atsopano awiri. Owaphunzitsa ndinu."

Mayi anakweza chala. "Atsopano awiri. Epulo. Owaphunzitsa..." Anadziloza pachifuwa. "Ndine."