Galu Wanga ndi Abakha Atatu

Chaka changa chachiwiri ndikuphunzitsa ku Mhuju ndinalandira masamoni. Anandisumira bambo a nyumba yoyandikana ndi yanga, mkulu wa mpingo, oweta abakha. Ankati galu wanga wawadyera abakha atatu.

Galuyo anali nkhalamba, mano atatsala owerengeka. Koma ine, mlendo wa ku Ntcheu wodziwa "yewo" yekha pa Chitumbuka, ndinachita mantha. Sabata yonse ndinakhalira kusonkhanitsa umboni. Ndinalemba masamba anayi. Ndinapempha mayi wina wogulitsa tomato pamsika kuti akanene za khalidwe la galuyo. Ndinajambulanso m'kamwa mwake pafoni, iye akuyasamula.

Tsiku la mlandu, ine ndi bambo aja tinakwera minibasi imodzi, mpando umodzi, osalankhulana mpaka ku boma. Kukhoti kalaliki anatikhazika: odandaula uku, oyankha mlandu uko.

Majisitireti anali mayi wa magalasi. Nditangoimirira ndi mapepala anga, anati, "Khalani pansi, amayi. Amene wabwera ndi nkhani ndiye atisonyeze kuti inachitikadi."

Bambo aja anatulutsa jumbo yodzaza nthenga n'kuiika patebulo.

"Adada, munamuona galuyo akugwira bakha?" anafunsa majisitireti.

"Kumuona ayi. Koma ndimamudziwa."

"Alipo amene anamuona?"

"Aliyense amamudziwa, bwana."

"Nthengazi munazitola kuti?"

"Kuseri kwa khola langa."

"Ku Mhuju kuli agalu angati?"

Bambo aja anayang'ana kudenga ngati akuwerenga agaluwo. "Mbanandi chomene," anatero m'Chitumbuka. Womasulira wa khoti anati ndi ambiri zedi.

Mlandu unathera pomwepo. Ndinakweza dzanja kufunsa ngati ndingawerengeko tsamba limodzi lokha. Majisitireti anati palibe choti ndiyankhe, popeza palibe chimene chatsimikizika. Mayi wa tomato, amene anasiya malonda tsiku lonse n'kuvala chitenje chatsopano, sanafunsidwe ngakhale dzina. Anakwiyira ine, ndipo kwa milungu iwiri sankandiikira basera.

Patapita mwezi abakha ena awiri anasowa. Bambo aja anatchera msampha n'kukola vumbwe. M'mawa mwake anandiitana pampanda, nyamayo ali nayo m'manja. Ndinkaganiza kuti apepesa.

"Aphunzitsi," anatero, "vumbwe uyu amadutsa pakhomo panu penipeni. Galu wanuyo mumamudyetseranji?"

Ndinawauza kuti ndikalankhula naye.