Bokosi logawa madzi limene ndinajambula

Ndine amene ndinadanitsa malume anga ndi mnansi wawo, ndipo sikuti ndinalakwa chifukwa cha umbuli. Ndinkadziwa. Inu owerenga, ndimvereni, mwina wina apulumukirapo.

Ndinakulira kumapiri a ku Biriwiri, sukulu ndinaphunzira ya kumudzi komweko, kenako mwamwayi ndinapita ku koleji kukachita masamu. Kumeneko tinaphunzira masamu a kayendedwe ka madzi ndi mafuta. Aphunzitsi anatsindika zinthu ziwiri. Madzi akamayenda mosasinthasintha, yankho la masamuwo limakhalapo ndithu, ngakhale titalephera kulilemba. Koma timatsimikiza kuti yankholo ndi limodzi lokha pokhapokha ngati madziwo akuyenda pang'onopang'ono, kapena ngati choyendacho ndi chonanda ngati uchi. Akathamanga, mayankho angathe kukhala angapo, onse olondola. Ndinalemba izi m'kope, mayeso ndinakhoza.

Nditabwera kutchuthi ndinapeza malume atagwirizana ndi a Nangozo, mayi wamasiye wa dimba loyandikana ndi lawo, kuti akoke madzi a kasupe wa m'phiri azithirira tomato. Ankafuna bokosi la simenti logawa madziwo pawiri. Malume anagwirapo ntchito kumigodi ya ku Joni, ndipo munthu wa pensulo amamulemekeza kwambiri. Anati, “Mphwanga, tijambulire iwe wa masamu. Pasakhale wodandaula.”

Ndinajambula paipi yolowa pakati, bokosi lotambalala ndi makomo awiri ofanana otulukira madzi. Kompyuta inandipatsa yankho lokongola, theka uku, theka uko. Komatu ndinkaona kuti phirilo ndi lotsetsereka ndipo madzi adzatsika ndi liwiro. A Nangozo anandifunsa, “Bambo, kodi silidzakondera limeneli?” Ndinayang'ana malume, nkhope yawo ikuwala, ndiye ndinangoti, “Ayi amayi, masamu akuti zili bwino.”

Poyamba zinayenda, chifukwa ankatsegula madzi ochepa. Dzuwa litakula anatsegula mpopi wonse. Madzi anayamba kutsamira khoma limodzi, ochuluka n'kumathamangira kwa malume. Masiku ena ankatembenukira kwa a Nangozo, koma kawirikawiri ayi. Mayiwo anati malume akutseka khomo lawo ndi miyala. Malume, amene ndi mkulu wa mpingo, zinawapweteka kutchedwa wakuba. Anayeza bokosilo ndi chingwe pamaso pa anthu, linapezeka lofanana mbali zonse. Pamenepo anthu anayamba kunong'ona za mankhwala.

Ine ndinali nditabwerera ku koleji. Nditamva pafoni ndinazindikira nthawi yomweyo kuti ndi yankho lina lija la madzi othamanga, limene aphunzitsi anatichenjeza. Ndinakhala chete milungu itatu, ndikuopa kunena kuti wophunzira wa pamudzi analakwitsa. Pofika kwathu, tomato wa a Nangozo anali atauma ndi maluwa omwe.

Ndinawafotokozera onse awiri, maso ali pansi. Tinamanga kakhoma ka njerwa m'kati kuti madzi azifooka asanagawikane, ndipo tsopano amagawikana bwino. Koma mawu amene anatukwanizana aja sanabwerere m'kamwa. A Nangozo anatseka okha khomo lawo ndi dothi. Amatunga kumtsinje ndi khekhe lothiririra mbewu pa msinkhu wawo umenewo, kudutsa pabokosi pomwepo osatipatsa moni. Malume sanandikalipire, kungoti sandifunsanso kanthu.

Inu owerenga, makamaka amene makolo amakutchulani kuti ophunzira, yankho likakhala ndi mawu akuti “pokhapokha”, muziwanena mokweza, ngakhale akulu akhumudwe. Kukhumudwa kwa malume kukanatha tsiku lomwelo. Ine ndatopa ndi kuzemba njira ya kudimba.