Thonje la Che Ajusa

Anthu ndinawauza kuti ndikupita ku Sozibele, kunja kwa dziko lino, kukafuna ndalama ya msonkho. Bodza lenileni. Ine ndinkathawa kunena kuti pepani.

Nthawi imeneyo ndinali mkamwini ku Kalembo, mnyamata wamatama, wosauzidwa kanthu. Tsiku lina m'chilimwe ndinayatsa tchire kuti ndikumbe mbewa. Mphepo inatembenuka, moto n'kulumphira kwa Che Ajusa, mkulu wa Chisilamu amene tinkachita naye malire, n'kunyeketsa thonje lonse limene anaunjika podikira msika. Anthu akufunsana, ine ndinalumbira kuti ndinali ku Ulongwe. Mkazi wanga Malita anangondiyang'ana m'miyendo, muli bii ndi lupsa. Patapita masiku atatu ndinali pa siteshoni ku Balaka ndi kabulangeti kanga.

Ku famu ya mzungu ntchito imene anandipatsa, musaseke, inali yosonkhezera moto m'mabalani oumitsira fodya. Malita ankalembetsa makalata kwa mphunzitsi wina wa ku Utale. Ankanena za mvula, za mbuzi, za denga lodontha. Za moto uja, iyayi. Ine ndinkatumiza nsalu ndi timashereni n'kumadziguguda kuti mwamuna ndi ine. Koma Lamulungu anzanga akamaimba nyimbo za kwathu ndinkazemba n'kukalira kuseri kwa komboni, sindibisa. Iwo ankabwerera zikatha zaka ziwiri. Ine ndinatha zisanu ndi zitatu, mpaka dzina langa linasanduka Mtchona.

Ndinabwera ndi njinga, chipewa ndi jasi lolemera. Malita anandilandira bwinobwino ngati mlendo, madzi osamba, chakudya, moni wogwada. Koma katundu wanga anauza alongo ake kuti asunge kwawo, ndipo ndinagona komweko. Apa ndinadziwa kuti banja langa lili pa ulusi.

M'mawa ndinatenga jasi lija kupita nalo kwa Che Ajusa. Nzeru yanga inali yoti ndiwapatse ngati mphatso, nkhani ife yokha pakamwa panga posatseguka. Ndinawapeza pakhonde akuluka mkeka, atakalamba zedi. Analisisita jasilo.

"Labwino ndithu. La chiyani kodi?"

"Mphatso chabe, Che Ajusa."

"Iyayi, mwanangu. Mphatso yolemera chonchi imabwera ndi mawu ake. Mawuwo mwawasiya kuti?"

Ndinavula chipewa, n'kutsika pampando kukhala pansi.

"Moto uja ndinayatsa ndine. Ndinanama. Pepani."

Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola. "Nanga inu mumati tinkaganizira ndani? Ife mbewa sitidya. Kudera kuno wokumba mbewa munali nokha!" Atapukuta misozi anapitiriza. "Inu mutangochoka, mkazi wanu anabwera ndi nkhuku, anagwada pomwe mwakhalapo. Madzinja awiri anandilimira munda osamutuma. Kwa ine mlandu unatha kalekale. Jasili ndilandira, kukuzizira."

Kalanga ine! Mudzi wonse unkadziwa, ndipo palibe amene anandipirikitsa. Ankangodikira kuti ndikule. Mlandu wa nkhuku imodzi ndinauthawa zaka zisanu ndi zitatu, ndipo khasu lake anagwira ndi munthu wosalakwa. Manyazi amene ndinamva panjira pobwerera sindinawamvenso.

Malita ndinamupeza pamtondo akupeta mphale, apongozi ndi amayi ena ali pomwepo.

"Ndachokera kwa Che Ajusa," ndinatero.

"Ndamva. Akukhululukirani?"

"Eya."

"Iwo linapsa ndi thonje la chaka chimodzi," anayankha, lichero osaliika pansi.

Mkamwini sagwada pamtondo akazi akuona. Ine ndinagwada, ndi buluku langa la ku Sozibele, m'madeya momwemo. Ndinanena zonse, bodza lija, munda umene analima, zaka zimene ndinamudyera. Ndinapepesa mokweza kuti apongozi amve. Minsi inaleka kusinja.

Malita anapeta mpaka mphale yonse inatha. Kenaka anakung'untha lichero n'kuyang'ana kumbali.

"Dzukani, mukutichititsa manyazi. Katengeni katundu wanu kwa achimwene. Njingayo isalowe m'nyumba, ndazira dzulo."