Pansi pa Njinga za Bambo Anga

Ndikukumbukira bwino fungo la fumbi la pabwalo la mpira ku Mavwere, chifukwa ndinkalinunkhiza nditagona chafufumimba, mphuno ili m'dothi. Bambo anga anali makaniko pa esiteti ya fodya, koma anthu ankawadziwa ndi ntchito ina. Fodya akatha kugulitsidwa, matenanti atapumako, bambo ankatsamiritsa thabwa lalitali pamgolo n'kulumpha ndi njinga yamoto pamwamba pa anthu ogona mondondozana.

Masewerawa anali ndi lamulo lake, ndipo analiika ndi anthu oonerera. Panalibe mwamuna amene ankavomera kugona pansi pokhapokha mwini njinga atagoneka mwana wake kumapeto kwa mzere, pafupi ndi pamene tayala limatera. Ankati munthu sangachite chibwana magazi ake ali pomwepo. Mwana ndinali ndekha m'nyumbamo, ndiye wosinthana naye panalibe.

Njinga yoyamba bambo anaitcha Chiwala. Anaitola itatayidwa kuseri kwa shedi ya fodya, nkhuku zikuikiramo mazira, n'kuiukitsa ndi mawaya ndi mphira. Inali yowonda, yopepuka, yolira mwa kamawu kosongoka. Ndinaiphunzira ndi makutu. Kulira kunkakwera, thabwa linkagunda, kenako panali kachete pang'ono ndi kamphepo pakhosi, ikatero yatera kutali uko. Mantha ndinali nawo nthawi zonse, koma anali mantha odziwa pothera. Amayi sanabwereko kudzaonerera ngakhale kamodzi. Ankatsala pakhonde akusenda mtedza, korona ali pamwendo.

Chaka chimene ndinalowa Sitandade 4, injini ya Chiwala inasweka. Bambo anadutsa malire kupita ku Chipata ndipo anabwerako ndi chinjinga chofiira chimene anachitcha Njati. Atachiliza pakhomo, agalu a mudzi wonse anathawira kudambo, ine ndinamva kunjenjemera m'chifuwa. Anyamata awiri ankalephera kuchidzutsa chikagwa.

"Bambo a Esime, chinthu ichi si cholumphira mwana," anatero amayi. "Gonekani matumba a chimanga."

"Matumba adzawaonera ndani? Mphamvu ili nayo iyi, musade nkhawa."

Anaiyesadi pa matumba kuseri kwa shedi. Inkadutsa, koma ine ndinaona kuti tsiku lina inkatera kutali, tsiku lina pafupi. Mwana wa nthawi imeneyo sankafunsa mafunso.

Tsikulo linali Lamulungu, cha ku Ludzi, anthu atatuluka m'tchalitchi. Dzuwa la mwezi wa Okutobala linali litawotcha nthaka moti inkatentha pamimba ngati chiwaya. Anthu ataona kukula kwa Njati anayamba kukuwa kuti mzere utalike, njinga yaikulu isaseweretse ana. Bambo anaseka. Anavomera poopa manyazi, ndipo amuna ena anawonjezereka pamzere. Malo anga anasunthira kutsogolo, kutali ndi thabwa kuposa kale lonse.

Amene anagona pafupi nane anali bambo wina wonunkha kachasu. "Iwe mwana, abambo ako sanaphonyepo?" anandinong'oneza.

Njati sindinaimve ndi makutu. Inabwera kudzera m'nthaka, ikugwedeza nthiti ndi mano. Kulira kwake sindinkakudziwa, ndiye sindinathe kuzindikira kuti yafika pati. Ndinakumba dothi ndi zala, ndinayamba pemphero koma mawu onse anandithawa, ndinangotsala ndi dzina la amayi. Thabwa linalira ngati likuthyoka. Kachete kaja kanafupika kwambiri. Kenako dziko linagunda pambali pa nthiti zanga, china chake chinakoka diresi langa, ndipo mpweya wotentha unandiwawula mwendo.

Anthu anaimba mluzu, amayi ena analuluta. Ankaganiza kuti bambo achita dala kuti aonetse luso. Bambo wa kachasu uja anadzuka mowa wonse utamuthera, n'kuthawa osatenga nsapato zake.

Ine sindinadzuke. Ndinangotembenuza mutu n'kuona bambo akusiya Njati kuti igwe yokha, iwo amene sankalola njinga kukhudza pansi. Anathamanga, anagwada, anandigwiragwira msana ndi miyendo. Atandiimiritsa anayang'ana m'fumbimo. Panali chizindikiro cha thupi langa, pambali pake panali mzere wa tayala ndi kansanza ka diresi. Anaika chikhatho pakati pa ziwirizi ndipo sichinakwanepo. Anayesa kumasula lamba wa chipewa chawo cholimba, zala zinakana, mpaka tinakafika kunyumba akadali nacho kumutu.

Sanandigonekenso. Popanda ine, panalibe wina anavomera kugona. Anayesa kulumpha migolo, anthu anabwera ochepa, ena n'kumawaseka kuti Njati yawadula mtima. Zinkawapweteka, ndinkaona. Pamapeto pake anaigulitsa kwa mlimi wina wa ku Chiosya, amene ankanyamulira mabelo a fodya. Usiku wambiri ndinkalota nthaka ikugwedezeka, ndipo mpaka lero njinga yaikulu ikalira kumbuyo kwanga, ndimathawira pambali.

Masiku ano njinga zamoto zachuluka ngati nyerere. Anyamata a kabaza amathamanga opanda chipewa, atakweza mayi, mwana ndi mbuzi, ndipo palibe amaima kuti aonerere. Ana anga amaona olumpha njinga pa foni, ali pampando, osanunkhiza fumbi. Ndikawauza za agogo awo amaganiza kuti ndikuwonjezera.

Sindiwadzudzula, chifukwa agogo awowo tsopano ali ndi njinga yachitatu, ya kabaza, yopanda dzina, ndipo amadziwika kuti ndi oyenda pang'onopang'ono kuposa aliyense pasiteji. Mwezi watha anandinyamula popita kumsika, ine mayi wa ana atatu, imvi zitayamba. Tili m'njira, mnyamata wa njinga yakapalasa anatipitirira akuimba belu.

"Abambo, mpaka yakapalasa kutidutsa?"

"Ipite," anatero osacheuka. "Ine ndanyamula mwana."