Madzi Amene Ndinapatsa Bambo Walter

Ntchito yanga yoyamba ndinaipezera pakhomo la tchalitchi, ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Apa n'kuti nditatha chaka ndi miyezi ingapo ku South Bend, tauni ya kutsidya kwa nyanja. Mapemphero atatha, Anti Nachisale, mnzawo wa amayi anga, anandikokera pambali n'kundifunsa ngati ndinali ndi chochita sukulu ikatsekera. Ndinati ayi.

"Ndiye uzingobindikira m'nyumba ngati mkwatibwi? Kumene ndimagwira kuja akufuna munthu kukhitchini. Mawa ukaapulaye, ndakuyankhulira kale."

Kumene ankagwirako kunali kunyumba yosamalirako okalamba, kunja pang'ono kwa tauni. Ndinavomera msanga, osati poti ndinkalakalaka ntchito, koma poti m'nyumba mwathu munkandilemera. Amayi anandisiya ku Chilomoni ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, n'kubwera kuno kudzagwira ntchito ya unesi. Anandilera ndi akulu awo, amene ndimawatcha Amayi Aakulu. Mapepala atatheka, patatha zaka khumi, ndinakwera ndege kudzakhala ndi mzimayi amene ndinkangomudziwa pa foni. Tinkapatsana ulemu ngati anthu amene akumana pamaliro. Iwo ankagogoda asanalowe kuchipinda kwanga, ine ndinkapempha ndisanatsegule firiji.

Kusukulu nako sizinkayenda. Chizungu ndinkachidziwa, ku Blantyre ndinkakhoza bwino ndithu, koma kuno ndikatsegula pakamwa anzanga ankati ndibwereze, ndikabwereza ankayang'anana. Dzina langa lakuti Tiyamike analidula tsiku loyamba lomwe, ndinakhala Tiya. Mphunzitsi wina anafika powaimbira amayi, ati sindimuyang'ana m'maso akamandiyankhula, mwina pali chimene ndikubisa. Chikhalirecho ine ndinkamupatsa ulemu. Chimene ndinkachisowa kwambiri chinali phokoso: mawailesi a aneba opikisana, atsikana akukangana pa fulaye, makondakitala akuitanira m'tauni. Kuno ndinkasuzumira pawindo, msewu uli zii, osaona ngakhale munthu mmodzi woyenda pansi.

Woyang'anira khitchini anali Mayi Luz, a ku Philippines, aafupi, oyenda ngati akuthamangitsidwa. Tsiku loyamba anandipatsa kaukonde kovala kumutu, epuloni ndi magolovesi, kenako anandiimika pa sinki kuti aone mmene ndimasambira m'manja. Anandibweza kawiri.

Ntchito yake inali yotere. Wophika akamaliza, tinkabaya chakudya ndi choyezera kutentha n'kulemba papepala lomata pachitseko. Kenako tinkandanda pa tebulo lalitali lachitsulo, mathireyi akudutsa. Thireyi iliyonse inkakhala ndi khadi lolembedwa dzina la mwini wake, nambala ya chipinda, ndi mtundu wa chakudya chake. Ena ankadya chakudya wamba, ena chodulidwa ting'onoting'ono, ena chogayidwa pa makina mpaka nyama n'kufanana ndi phala. Pansi pa khadi pankalembedwa za zakumwa. Okalamba ena sameza bwino, makamaka amene anagwidwapo ndi sitiroko. Madzi wamba amawathamangira kukhosi n'kulowera m'mapapo. Oterowo tinkawathirira ufa woyera wa m'chitini, masipuni owerenga, n'kutakasa mpaka madzi atalimba ngati uchi. Tiyi chimodzimodzi, juwisi chimodzimodzi. Zikatha tinkalonga mathireyi m'ngolo yotsekeka, anthu osamalira odwala n'kudzaitenga. Ife tinkatsala ndi makina otsukira mbale, nthunzi ikutiphika kumaso.

Mayi Luz anali ndi mawu amodzi amene ankabwereza tsiku lililonse, m'Chizungu chawo chothamanga: "Werenga khadi. Usamvere munthu, mvera khadi."

Ntchitoyo ndinaikonda, ngakhale mapazi ankatupa. Mbale sizifunsa kuti wati chiyani. Patapita milungu ingapo ananditumanso kumakatolera mathireyi m'zipinda anthu akatha kudya, ndipo m'menemo ndinadziwana ndi Bambo Walter.

Anali bambo wamtali, wa zaka zopitirira makumi asanu ndi atatu, amene moyo wawo wonse anagwira ntchito m'fakitale. Sitiroko inawapha dzanja lamanzere n'kuwakhotetsa pakamwa. Ankayankhula mochedwa, mawu akukokeka, ndipo anthu ambiri analibe nthawi yowadikira. Ine ndinkawadikira, poti nanenso ndinkadziwa kupweteka kobwerezetsedwa. Iwo sanandiuzepo kuti ndibwereze. Ankandifunsa za kwathu, ngati kumagwa chisanu, ngati kuli sitima. Ndinawauza za phiri la Michiru ndi mmene tinkatolera ngumbi mvula yoyamba ikagwa, iwo n'kuseka mpaka malovu kutsika, ine n'kuwapukuta. M'dziko lonse lino, munthu woyamba kucheza nane osayang'ana wotchi anali iwowo. Khadi lawo linkati chakudya chogaya, zakumwa zolimba ngati uchi. Kapu yawo nthawi zambiri inkabwerera yosakhudzidwa.

Tsiku limene ndikufuna kunena linali la mu Julaye. Kunatentha ngati ku Nsanje, ndipo makina oziziritsa mpweya mbali imene kunali chipinda chawo anali atafa kuyambira m'mawa. Osamalira odwala awiri sanabwere. Nthawi ya nkhomaliro Mayi Luz anandiuza kuti ndikankhe ngolo ndekha ndikathandize kugawa mathireyi.

Ndinawapeza Bambo Walter atakhala pampando wawo wa matayala, malaya atanyowa ndi thukuta, milomo itang'ambika. Ndinaika thireyi, ndinavundukula mbale, ndinawasendezera kapu. Anaikankha.

"Guluu ameneyu ayi," anatero. "Mwana wanga, madzi enieni. Pang'ono pokha."

Ndinawauza kuti khadi likukana.

Anandigwira pamkono ndi dzanja lawo lamoyo lija. Silinali ndi mphamvu, ndikanatha kulichotsa. "Chaka chathunthu," anatero. "Chonde."

Pano ndiyenera kufotokoza kanthu kena, osati podziikira kumbuyo. Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, ku Chilomoni mipopi inauma masiku atatu. Madzi tinkakatunga kuchitsime kutali, ndowa kumutu, khosi kuchita kuuma. Masana ena anaima pakhomo bambo wina wogulitsa makala, akukankha njinga, n'kupempha akumwa. Ndinaganiza za mtunda uja, ndinati atha. Amayi Aakulu anamva ali m'nyumba. Anatuluka, anandipotokola khutu, anandipatsa kapu yodzadza n'kundiuza kuti ndiwathamangire. Ndinawapeza pokhota, ndinagwada m'fumbi anthu akuona, mpaka anamaliza kumwa. Nditabwerako Amayi Aakulu anati, "Munthu ungam'mane china chilichonse, koma madzi ayi. Ukadzachitanso, si iwe mwana wa m'nyumba muno."

Ndiye pamene munthu wamkulu, wodwala, anandigwira mkono n'kunena kuti chonde, thupi langa linayamba kuyenda mutu usanavomere. Ndinatenga kapu ya pulasitiki, ndinatsegula mpopi wa pa sinki, ndinathira osafika theka. Ndinawapatsa ndi manja awiri.

Kumeza koyamba kunadutsa bwino. Anatsinzina, n'kupumira m'mwamba ngati munthu amene watula katundu. Kachiwiri ndi pamene anatsamwa. Anayamba kukhosomola, chifuwa chopanda mphamvu, chonyowa, kukhosi kukumveka kolokoto kolokoto. Nkhope inafiira, kenako milomo inayamba kuda. Ndinawasisita pamsana, sizinathandize. Ndinakoka chingwe choitanira nesi, n'kutulukira pakhomo ndikukuwa, ndipo ndinazindikira pambuyo pake kuti ndinkakuwa m'Chichewa.

Nesi anabwera ndi makina okokera zamadzimadzi kukhosi, wina anabweretsa mpweya. Anandiuza kuti ndituluke. Kapu ija inali pansi, madzi atayenderera mpaka kunsi kwa bedi, ndipo aliyense wolowa ankaiona. Ambulansi inawatenga akupuma, koma movutika.

Mayi Luz anandipeza m'chipinda chozizira chosungiramo ndiwo, nditakhala pa kreti ya mkaka. Anatseka chitseko.

"Ndi iwe?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Khadi unawerenga?"

"Ndinawerenga."

Ndinkayembekeza kuti akalipa. M'malo mwake anakhala pa kreti ina, n'kuvula kaukonde kumutu, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita.

"Ine ndinabwera kuno ndili ndi zaka khumi ndi zisanu," anatero. "Amayi anga anatsogola, ngati ako. Kwathu, pa chilumba chathu, ukakumana ndi wamkulu umatenga dzanja lake n'kuligunditsa pachipumi pako. Tsiku loyamba kusukulu ndinachita zimenezo kwa mphunzitsi. Anachotsa dzanja ngati ndamuluma, kalasi yonse inaseka. Ndinatha chaka ndisakuyankhula. Ndinkangoganiza za azichimwene anga, za mabwato, za nsomba zoyanika padenga. Ndiye ndikudziwa chimene chakugwira dzanja lero. Anatiphunzitsa kuti wamkulu sakanizidwa." Anavalanso kaukonde kaja. "Koma ndikalemba lipoti, ndipo ndikalemba zoona. Sindingakupulumutse."

Analembadi, ine ndinasaina. Mawa lake mabwana anandiitana ku ofesi, anandilanda baji, ntchito inathera pomwepo.

Amayi atamva sanakuwe. Anakhala pampando atavalabe yunifolomu, n'kugwira kumutu. "Tiyamike, ukudziwa kuti ungathe kupha munthu? Zimenezi zisamveke kutchalitchi." Basi. Ndinkafuna andimenye, kapena andikumbatire, chimodzi mwa ziwirizi. Iwo anadzuka n'kukasamba.

Ndinawaimbira Amayi Aakulu ku Chilomoni, poganiza kuti kumeneko ndiye andimvetsa. Anandimvetsa mopitirira.

"Akuchotsa ntchito chifukwa chopatsa munthu madzi? Dziko lanji limenelo? Iwe sunalakwe, mwana wanga."

Ndinayesa kuwafotokozera za kukhosi ndi mapapo, iwo ankangoti ndi nkhanza za azungu. Nditadula foni ndinaona kuti ndatsala ndekhandekha. Kuno sindikanatha kufotokoza chifukwa chimene ndinaperekera madziwo, kwathu sindikanatha kufotokoza chifukwa chimene kunali kulakwa.

Bambo Walter anadwala chibayo. Mwana wawo wamkazi anawasamutsira kuchipatala china ku Indianapolis, kufupi ndi kumene ankakhala. Anandiuza ndi Mayi Luz, amene anandiimbira patatha milungu iwiri. Ndinawapempha kuti andiperekeze ndikawaone. Poyamba anakana, kenako tsiku lawo lopuma anabwera ndi galimoto. Ulendo wake unali wa maola atatu, pakati pa minda ya chimanga yosatha.

Mwana wa Bambo Walter uja tinakumana naye m'khonde la wodi, mayi wa imvi kale, maso otupa. Mayi Luz anamuuza kuti ndine ndani. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Bambo anga atatsitsimuka ananena kuti tisamuvutitse mtsikanayo," anatero. "Ndawamvera, sindikutengera kulikonse. Koma ine si bambo anga. Kwa chaka chonse akhala akundipempha madzi, ine mwana wawo, ndikuwakaniza, ndikukalirira m'galimoto. Ukuganiza kuti unawakonda kuposa ine? Pita."

Sindinawaone. Anamwalira sabata yotsatira. Madokotala anati panali zambiri, mtima unali wofooka kale, ukalamba nawonso. Palibe amene anandiuza kuti ndi madzi aja, palibenso amene anandiuza kuti si madzi aja. Ndi mmene zilili mpaka lero.

Chaka chotsatira sindikuchikumbuka bwino. Sukulu ndinamaliza mokwawa, kutchalitchi ndinasiya, poti nkhani inali itamveka ngakhale amayi anayesetsa kuibisa. Anti Nachisale ankandipatsa moni akuyang'ana kumbali. Kangapo ndinawapempha amayi kuti andibweze ku Malawi, iwo ankati ndikubwerera ku chiyani. Amayi Aakulu anamwalira ndisanapiteko, maliro awo ndinawaonera pa foni. Pamene ndinadzapita, patatha zaka, ana a pa Chilomoni ankandiseka Chichewa changa, ati chikumveka chachilendo.

Pano ndimakhala ku Lawrence, pafupi ndi Indianapolis, ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba m'nyumba ina ya mumzindamo. Anthu amadabwa kuti ndinabwereranso ku ntchito yomweyo. Nanenso sindidziwa bwino, mwina poti ndi yokhayo imene ndinailipirira mokwanira. Akabwera atsopano, makamaka ana ochokera kwathu kapena ku mayiko ena, amandipatsa ine kuti ndiwaphunzitse. Ndimawauza kuti tsiku lina munthu wamkulu adzawagwira mkono n'kuwapempha chinthu chaching'ono, ndipo zonse zimene anaphunzira kwawo zidzawauza kuti apereke.

Chimene ndinatolapo n'chakuti kukana nakonso ndi ntchito, ndipo kuli ndi kachitidwe kake. Sukana n'kuthawa. Mwezi watha gogo wina wa khadi ngati lija anandipempha madzi wamba, ndinakana, ananditukwana kuti ndine mfiti yopanda chisoni. Ndinakoka mpando, ndinatenga kachinkhupule ka pa kamtengo kamene timanyowetsera milomo, ndinawapukuta pakamwa pang'onopang'ono, iwo akulira, akunditukwanabe. Ndinakhala nawo mpaka anatopa. Ndikudziwa kuti ndinachita zoyenera. Koma musandifunse ngati mtima unakhala pansi, chifukwa sunakhalepo, ndipo ndinaleka kudikira kuti udzakhala.