Penti wa mtundu wa dothi

Ndikakumbukira agogo, mayi a bambo anga, ndimamva fungo la dothi lonyowa la kudambo kwa Mposa, lija lodera ngati khungu la chinangwa, limene ankazirira pansi ndi makoma a kanyumba kawo kaudzu, atagwada, fodya wopera ali kumlomo, dzanja likuzungulira pang'onopang'ono mpaka khoma lonse litasalala.

Agogo aamuna anamwalirira m'chipatala atagonamo nthawi yaitali, ndipo wowadikirira anali agogo aakaziwa. Chaka chotsatira bambo, amene ankaphunzitsa ku Balaka, anawamangira mayi awo nyumba ya njerwa ndi malata, napaka mkati monse laimu woyera kuti mbee. Mudzi wonse unabwera kudzaona. Agogo analowa, nayang'ana makomawo, natuluka.

Ine bambo ananditumiza kukakhala ndi agogo, ndipo sindinachedwe kuona kuti m'nyumbamo sankagonamo. Mphasa yawo ankayala m'khitchini, mu utsi, pafupi ndi nkhuku, mpaka chifuwa chinawagwira.

"Agogo, nyumba yabwino chonchi mukuithawiranji?" ndinawafunsa.

"Makoma oyera ndawayang'ana mokwanira, mwanawe. Ndi omwe ndinkayang'ana agogo ako akuvutika kupuma."

M'mawa wina tinapita kudambo, tinasenza dothi m'ndowa, ndipo agogo anazira chipinda chawo pamwamba pa laimu. Litauma linang'ambika n'kuyamba kuyoyoka. Bambo anafika Loweruka pa kabaza kuchokera ku Ntaja, napeza khoma lili mawangamawanga.

"Amayi, anthu aziti chiyani? Ndakumangirani nyumba, inu mukuisandutsa khola?"

"Iyayi aphunzitsi, nyumba ndi yabwino," anayankha agogo osakweza mawu. "Koma mwandigoneka m'chipatala ndisanadwale."

Bambo anawerama, natola kachidutswa ka dothi, nakakulunga m'kampango, nanyamuka thobwa osalilawa. Ndinkaganiza kuti akwiya ndipo sabweranso msanga.

Koma posakhalitsa anabwera ndi chitini cha penti. Anati ku Liwonde wogulitsa anawaseka, amvekere mtundu umenewo ndi wa zitseko, koma iwo anaika kachidutswa kaja pakauntala mpaka munthuyo anasakaniza wofanana nako. Anavula malaya awo akuntchito, napala dothi lonse, napaka okha, thukuta lili kamukamu. Agogo anakhala pakhomo miyendo atatambasula, akuloza ndi ndodo: "Apo mwasiya."

Chipindacho chinadera, chinazizira m'maso ngati mkati mwa mtsuko. Fungo la penti litatha, agogo anakulunga mphasa yawo n'kukalowa okha.

Chifuwa chija sichinawasiye. Mvula itayamba bambo anapita nawo kuchipatala, agogo analandira mankhwala, koma anachonderera kuti abwerere kwawo, ndipo madokotala anavomera. Anamwalira masana, atatembenukira kukhoma, chikhato chawo chili pamenepo. Bambo sanalire pamaliro. Analira tsiku limene tinkatseka chipindacho.

Lero ndine namwino. Ndikaona mayi wachikulire wodikirira wodwala wangoti duu, maso ali pakhoma, phala lazizira m'manja, ndimamugwira paphewa.

"Amayi, tapitani mukakhaleko panja, pansi pa mtengo. Odwala anu ndikhala nawo ine."

Ambiri amakana kaye. Ine ndimakoka mpando, n'kukhala.