Phudzi la Achimwene Yusufu

Ndinaganiza zochoka ku Chia chaka chimene mpunga wathu unamira m'madzi. Achimwene Yusufu ndiwo anandiperekeza kokwerera basi, akuyenda motangadza miyendo monga mwa masiku onse. Anali ndi phudzi, koma kwathu dzina la nthendayi sitinkalitchula. Ankavala kanzu yaikulu, mkanjo uja wa Chisilamu, ngakhale popita kukavuula ukonde, ife n'kumawatama kuti ndi munthu wa Mulungu.

Ku Bulawayo ndinapeza ntchito pa kachipatala ka dokotala wina. Ndinayamba ndi kusesa, kenaka kuwiritsa mipeni ndi masingano. Kumeneko ndinaona chimene chinandisokoneza mutu. Bambo ankabwera m'mawa ndi phudzi lake, dokotala n'kuling'amba, madzulo munthu uja n'kumapita kukagona kwawo. Aliyense wotuluka pakhomo paja ankandikumbutsa achimwene. Ndinkasungulumwa koopsa. Chikondwerero cha Idi chinkandipeza ndekha m'kachipinda, ndipo amene ankayankhula Chichewa chakwathu ndinkangowakakamira ngati nthata.

Mmodzi mwa iwo anali Mdala, mnyamata wa ku Bua, amene ankanditengera ndalama ndi mauthenga akamapita kumudzi. Ndiye anandiuza kuti pa Benga dokotala wina wopuma pa ntchito watsegula kachipatala kotereka. Ndinatumiza ndalama, achimwene n'kuvomera. Nzeru yawo inali yakuti adzanyamuke m'mawa ngati akukagulitsa chambo, madzulo abwerere wina asakudziwa.

Tsiku lawo lisanafike, akuluakulu a boma anapita kukatseka kachipatala ka pa Benga kaja. Anati lamulo likufuna kuti opaleshoni izichitika m'chipatala chokhala ndi mabedi ogonekapo odwala komanso chilolezo chake. Sindinganene kuti analibe chifukwa, pakuti ndinaonapo munthu akubwezedwa kwa dokotala wathu magazi akuchucha. Koma masiku amenewo lamulo silinkafunsidwa. Wofunsa ankasowa, abale ake n'kumanamizira kuti sakumudziwa.

Ndinatumanso Mdala kukawauza achimwene kuti apite kuchipatala cha ku boma. Anabwera ndi yankho lawo, ndipo ndimalimvabe mpaka lero.

"Akuti, ukamuuze mng'ono wanga Saidi kuti ku boma ine sindikagona. Pakhonde paja pamadzaza amayi a ku Chia odikirira odwala. Apongozi anga akamve kuti ndagonekedwa chifukwa cha chiyani?"

Ndinapsa mtima. Munthu wamkulu, wa ana asanu, kuopa pakamwa pa anthu! Koma mkulu sakalipiridwa kudzera pa mthenga.

Uthenga wa maliro unandipeza ataikidwa kale, poti kwathu maliro sagona. Anapita mobisa kwa munthu wina amene anawaboola ndi singano kuti madzi atuluke. Bala lija linaola, iwo osauza ngakhale alamu anga mpaka thupi litatentha.

Ndinabwerera mvula itatha. Basi itaima pa Benga ndinaiona nyumba ya kachipatala kaja, mawindo atakhomedwa matabwa, pakhonde mbuzi zitagona. Ndinayang'ana kumbali. Kufika ku Chia, ndinakapereka moni kwa a Bwanali, nkhalamba imene inasambitsa thupi la achimwene. Ndinkafuna kuwathokoza powasungira chinsinsi.



"Chinsinsi chanji, mwanangu? Mudzi wonse unkadziwa. Apongozi ake omwe ankadziwa, ndiwo ankamusokera makanzu aja."

"Nanga osawauza bwanji?" ndinafunsa.

"Ukanayamba bwanji iweyo? Si unali mng'ono wake?" Anaweramitsa mutu. "Inenso ndinali nalo phudzi. Ndinakagona ku boma, ndinachira. Tsiku lililonse ndinkaima naye mzere umodzi mumzikiti, phewa kwa phewa. Ndinkadikira kuti andifunse."

Ndinatsanzika. Panja ana a achimwene ankayanika mpunga pamphasa, ndipo wamkulu mwa iwo, atandiona ndikutuluka, anagwada n'kundifunsa mwaulemu ngati ndamva kuti bambo awo anamwalira ndi malungo.

Ndinati ndamva.